Kuitana Akunyumba ku Mangalande: Chimene Lamulo Lifuna kwa Woitana, ndi Chimene Lipatsa Woitanidwa

Pakati pa ana a Malawi amene anamanga misasa yawo m'mizinda ya West Midlands, ku Birmingham, ku Wolverhampton, ku Coventry, ku Walsall ndi ku Dudley, ena a iwo anamwino m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ndi New Cross, ena osamalira nkhalamba usana ndi usiku, ena oyendetsa mabasi, palibe nkhani imene ibwera kawirikawiri, anthu akatuluka m'tchalitchi Lamulungu kapena akasonkhana pa siwa ya mnzawo, yoposa iyi ya mayi amene anatsala ku Area 25 kapena bambo amene adikira ku Ndirande, ndi njira imene angadzere kuti banja ligone pansi pa denga limodzi. Uyu ati ukwati wokha ukwanira. Uyo ati abwere kaye ngati mlendo, zina zidzaonekera konkuno. Winanso aloza kwa munthu wodziwa njira zachidule, amene afuna ndalama zake ntchito isanayambe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, komatu wofunsa kwa munthu wosadziwa naye adya phula lomwelo. Chotero ndayesa kuti nkoyenera kuyala poyera chimene lamulo la dziko lino linena, kuti onse awiri, woitana ndi woitanidwa, alidziwe mofanana, pakuti m'banja limene mmodzi yekha adziwa lamulo, winayo akhala mwamantha masiku onse.

Malamulo a nkhaniyi ali m'gawo lotchedwa Appendix FM, limene linayamba kugwira ntchito pa 9 Julayi 2012, Theresa May ali nduna ya Home Office, ndipo funso lawo loyamba ndi lakuti woitanayo ndani pamaso pa boma. Ayenera kukhala nzika ya Britain kapena ya Ireland, kapena munthu amene analandira kale chilolezo chokhala m'dziko muno kosalekeza, chija tichitcha mapepala okhazikika, chimene eni dziko ati Indefinite Leave to Remain, kapenanso wothawa kwawo amene boma linamlandira. Apa ndipo abale athu ambiri asokonezekera, chifukwa amene anadza pa viza ya ntchito sali m'njira imeneyi kufikira atakhazikika. Namwino wa pa viza ya Health and Care angathe kubweretsa akunyumba ndi ana monga anthu omdalira, potsata malamulo ena. Koma wosamalira nkhalamba amene analowa m'ntchitoyo kuyambira pa 11 Malichi 2024 analandidwa mwayi umenewo, ndipo iye asamvere aliyense amene amlonjeza kuti pali khomo la kuseri.

Kwathu ukwati uimirira pa ankhoswe. Atsibweni a kuchikazi ndi a kuchimuna akakomana, tambala ndi msoti zikasinthanitsidwa anthu akuona, palibenso wokayika kuti awiriwa ndi banja, ndipo pakabuka mlandu aliyense adziwa khomo lokagogoda. Koma mlembi wa Home Office amene adzatsegula fomu yanu pa kompyuta yake sanadyeko nkhuku ija, sadziwa atsibweni anu, ndipo mwina sadzaona konse nkhope zanu. Kwa iye ankhoswe anu ndiwo mapepala, ndipo chimene sichinalembedwe achiyesa chosachitika. Lamulo la Mangalande lilemekeza ukwati umene uli wovomerezeka m'dziko limene unamangidwira, ndipo lamulo la Malawi la maukwati la chaka cha 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act, livomereza ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wa mwambo womwe. Komabe amene anangochita chinkhoswe achita bwino kukalembetsa ukwati wawo m'kaundula wa boma ndi kutenga chikalata chodindidwa asanayambe china chilichonse. Onse awiri akhale a zaka 18 kapena kuposapo, ndipo akhale ataonana maso ndi maso, pakuti kudziwana kwa pa foni kokha sikuwerengedwa. Amene anakwatirapo kale aonetse kuti banja loyambalo linathadi, ndi chikalata cha khoti kapena cha imfa, chifukwa kusudzulana kwa pabwalo la ankhoswe kopanda pepala kudzabala mafunso amene sangayankhike ali kutali. Za mitala lamulo silibisa: mwamuna amene mkazi wake mmodzi analowa kale m'dziko muno monga mkazi wake sangathe kuitananso wachiwiri. Ndipo pepala lililonse lolembedwa m'Chichewa, chingakhale chikalata cha mpingo, liperekedwe pamodzi ndi kumasulira kwake kwa wotanthauzira amene alembapo dzina lake, tsiku, ndi umboni wakuti wamasulira moona.

Chikalata chikaoneka, afunanso umboni wakuti ukwatiwo uli wamoyo. Kale, chisanafike chaka cha 1997, panali lamulo louma koposa, lokakamiza munthu kutsimikiza kuti cholinga chake chachikulu pokwatira sichinali kulowa m'dziko muno, chinthu chimene ngakhale woona mtima sakanatha kuchionetsa bwino. Lamulo limenelo linachotsedwa, ndipo lero afunsa kuti kodi awiriwa ali m'banja lenileni, nalinga kukhala pamodzi kosatha. Umboni wake uli m'zinthu zimene ambiri azitaya osadziwa: matikiti a ndege, zidindo za pa bwalo la Kamuzu kapena la Chileka m'pasipoti yakale, malisiti a ndalama zotumizidwa pa Mukuru kapena WorldRemit mwezi ndi mwezi, zithunzi zimene muli apongozi ndi alamu a mbali zonse, ndi mauthenga a pa WhatsApp. Langizo langa ndi lakuti musaunjike masamba mazanamazana a macheza a sabata imodzi; tolani pang'ono mwezi uliwonse, kuyambira pa chiyambi kufikira lero, kuti wowerenga aone kuti chingwe sichinaduke. Amene sanakwatirane, koma akhala ngati banja zaka ziwiri, ali nayo njira yawo m'malamulo omwewa. Otomerana angapemphe viza ya miyezi 6, yosalola kugwira ntchito, kuti adzamangitse ukwati kuno, ndipo ku Birmingham adzakalembetsa ku ofesi ya maukwati ya pa Holliday Street, kumene chidziwitso chikhala masiku 28, kapena 70 ngati Home Office yafuna kufufuza. Koma wobwera pa viza ya mlendo saloledwa kusintha viza yake ali konkuno; ayenera kubwerera ndi kukapempha ali kwawo, ndipo amene akhalitsa kupitirira tsiku lake adzikolera msampha umene udzamvuta kuumasula.

Tsono tifike pa ndalama, pamene pagona mabanja ochuluka. Kuyambira 2012 woitana ankayenera kulandira £18,600 pa chaka msonkho usanachotsedwe, kuonjezapo £3,800 ya mwana woyamba ndi £2,400 ya mwana aliyense wotsatira. Mu Disembala 2023 nduna James Cleverly inalengeza cholinga chokweza muyesowo kufika pa £38,700, ndipo sitepe yoyamba inakwera pa 11 Epulo 2024, pamene unafika pa £29,000, ndalama za ana zija nizichotsedwa kwa opempha atsopano. Boma lotsatira linaimitsa kukwezako, nilipempha uphungu kwa Migration Advisory Committee, imene mu Juni 2025 inalangiza kuti £38,700 isaikidwe. Amene analowa m'njirayi tsiku la 11 Epulo 2024 lisanafike ayesedwabe ndi muyeso wakale uja pokonzanso viza yawo, ndipo ambiri a iwo ada nkhawa pachabe posadziwa chimenechi. Taonani chimene £29,000 itanthauza kwa munthu wa m'nyumba yosungira nkhalamba ku Smethwick, wolandira malipiro otsikitsitsa a lamulo, amene kuyambira Epulo 2025 anali £12.21 pa ola: akagwira maola 37 ndi theka pa sabata, chaka chonse osaphonya, apeza £23,800 ndi pang'ono, ndipo kuti afike pa muyeso ayenera kugwira maola oposa 45 sabata iliyonse. Ovataimu iwerengedwa, ntchito ziwiri ziphatikizidwa. Koma malipiro a woitanidwa amene ali ku Malawi, angakhale ndi mphunzitsi wamkulu kapena dokotala, sawerengedwa pa pempho loyamba, ndipo ayamba kuwerengedwa pokhapokha iye atafika nayamba ntchito kuno.

Ine ndiliyesa lamulo limeneli lowawa, pakuti liika mtengo pa chinthu chimene Mlengi anachipereka kwaulere kwa wolemera ndi wosauka yemwe, ndipo liwawa koposa m'dera lino, kumene malipiro achepa poyerekeza ndi a ku London, ndiponso kwa amayi amene agwira maola owerengeka chifukwa cholera ana okha. Sindine woyamba kudandaula. Ena mwa amene analitsutsa m'makhoti litangoikidwa anali a kuno komwe: wothawa kwawo wa ku Lebanon amene ankaphunzira pa yunivesite ya Wolverhampton, ndi mayi wina wa ku Handsworth, nzika ya Britain, amene mwamuna wake anali ku Pakistan. Woweruza Blake wa High Court, mu Julayi 2013, anaona kuti katunduyo analemera kopitirira. Court of Appeal inagubuduza chiweruzo chake chaka chotsatira. Ndipo pa 22 Febuluwale 2017 Supreme Court, pa mlandu wodziwika ndi dzina la MM (Lebanon), inagamula kuti boma lili nayo mphamvu yoika muyeso wa ndalama, koma kuti linaperewera posalabadira ubwino wa ana ndi posapereka mpata wowerengera thandizo lodalirika lochokera kwina. Chifukwa cha chiweruzo chimenecho, banja limene kukanidwa kwake kungabweretse masautso osayenera, makamaka kwa mwana, lingapemphe kuti thandizo la abale kapena ntchito yolonjezedwa iwerengedwe. Koma khomo limenelo ndi lopapatiza, ndipo wolowera pamenepo adikira zaka 10 m'malo mwa 5 asanakhazikike.

Ambiri amene akanidwa analandiradi ndalama zokwanira, koma analephera kuzionetsa monga lamulo lifuna. Amene wakhala kwa bwana mmodzi miyezi 6 kapena kuposapo apereke mapepala a malipiro a miyezi 6 yotsatizana, masitetimenti a banki a miyezi yomweyo oonetsa malipirowo akulowa, ndi kalata ya bwana yonena ntchito yake, malipiro ake, ndi pamene anayamba. Pepala lotsiriza lisapitirire masiku 28 pofika tsiku lotumiza fomu. Khalani pansi madzulo ena ndi cholembera, pepala la malipiro kudzanja lamanzere ndi sitetimenti kudzanja lamanja, muone mwezi ndi mwezi ngati chiwerengero cha pansi pa pepala ili chili chomwecho chimene chinalowa m'banki, pakuti mlembi uja adzachita chimodzimodzi. Wolipidwa pa ola awerengeredwa pakati pa miyezi 6 yonse, kotero kuti amene anapita kumudzi kukaika maliro, nakhala masabata atatu osalipidwa, angapeze kuti chiwerengero chake chatsika pansi pa muyeso. Woteroyo adikire miyezi yabwino ikwane, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Ndalama zolandira pamanja, zosadutsa ku msonkho, sizimthandiza munthu pa tsiku limenelo. Wodzilemba yekha ntchito ayesedwa ndi chaka chathunthu cha msonkho, ndi mapepala a bungwe la msonkho la HMRC.

Ndalama zosunga zingathe kudzaza pamene malipiro aperewera, ndipo kawerengedwe kake ndi aka: tengani chimene chaperewera, muchichulukitse kawiri ndi theka, muonjezepo £16,000. Wolandira £25,000 aperewera £4,000, chotero afunika £26,000 m'banki. Amene alibe malipiro konse afunika £88,500. Ndalamazo zikhale za woitana kapena za woitanidwa, zitagona m'manja mwawo miyezi 6, ndipo anene kumene zinachokera. Mphatso ya mbale iloledwa, ngongole siloledwa. Ndipo apa ndichenjeze a m'magulu athu a chipereganyu, amene aganiza kuti anzawo akamponyera munthu ndalama sabata yotumiza fomu ndiye kuti zatheka, kuti ndalama zoterozo sizidzawerengedwa, ndipo zingachititse kuti pempho lonse likayikiridwe. Koma woitana amene alandira thandizo la boma la olumala kapena la osamalira wodwala, monga Personal Independence Payment kapena Carer's Allowance, samangidwa ndi £29,000 ija. Iye angoonetsa kuti banja lidzadzisunga mokwanira.

Za nyumba nzachidule. Pakhale malo okwanira banja lonse, osathithikana monga anenera malamulo a nyumba, ndipo amene achita lendi chipinda m'nyumba yogawana ndi ena, monga achitira ambiri ku Erdington ndi ku Handsworth, atenge kalata ya mwini nyumba yolola kuti munthu wachiwiri adzakhalemo. Eni nyumba a kuno anazolowera kufunsa mapepala, popeza lamulo lowakakamiza kutero linayesedwa koyamba m'dera lomwe lino, ku Birmingham, Walsall, Sandwell, Dudley ndi Wolverhampton, kuyambira pa 1 Disembala 2014.

Chimene chidabwitsa ambiri ndi mayeso a Chingerezi. Munthu amene anaphunzira m'Chingerezi kuyambira kupulaimale, nakhoza MSCE, angayese kuti nchipongwe kumfunsa ngati adziwa kunena dzina lake. Komabe Malawi sali pa mndandanda wa maiko amene Home Office iwayesa olankhula Chingerezi, ndipo kuyambira mu Novembala 2010 woitanidwa ayenera kukhoza mayeso ovomerezeka a kulankhula ndi kumva, a muyeso wa A1 pobwera, wa A2 pokonzanso viza, ndi wokwererapo pokhazikika, umene wakhala B1, ngakhale boma mu Meyi 2025 linalengeza cholinga choukweza. Amene ali ndi digiri yophunzitsidwa m'Chingerezi angaitumize ku bungwe la Ecctis kuti liitsimikize, nalumpha mayesowo. Afunikanso kukayezetsa chifuwa chachikulu ku chipatala chovomerezedwa ndi Home Office, osati china chilichonse, ndipo chikalata chake chitha mphamvu pakapita miyezi 6.

Walira mvula walira matope, ndipo mtengo wa njirayi uyenera kuwerengedwa ulendo usanayambe. Monga zinalili m'chaka cha 2025, pempho loyamba linali £1,938, ndi msonkho wa zaumoyo wa £1,035 pa chaka, umene pa viza ya miyezi 33 ukwana £3,105, wolipiriratu. Kukonzanso kwa miyezi 30 kunali £1,321 ndi msonkho wa £2,587.50, pempho lokhazikika linali £3,029. Zonse pamodzi zifika pafupi ndi £12,000 kwa munthu mmodzi, osawerengera mayeso, omasulira, ndege, ndi loya. Mitengo imeneyi ikwera kawirikawiri, makamaka mwezi wa Epulo, ndipo wanzeru ayang'ana pa tsamba la boma la gov.uk tsiku lomwelo lotumiza. Msonkho wa zaumoyo ubwezedwa munthu akakanidwa, koma ndalama ya pempho siibwera. Banja limene lagwa m'umphawi pofika nthawi yokonzanso viza lingapemphe kukhululukidwa malipiro, ndipo pempho limenelo litumizidwe viza isanathe.

Pa ana pali mwala wopunthwitsa umene ukhudza ife koposa ena. Mwana amene anabadwira ku Malawi kholo lake litalandira kale unzika wa Britain mwa kukhala kuno, kawirikawiri ali nzika chibadwire, ndipo asowa pasipoti yokha. Koma mwana wa banja loyamba, amene kholo lake lina lili moyo ku Malawi, aloledwa ngati kholo lobwera nalo lionetsa kuti udindo wonse wa kulera unali pa ilo lokha, kapena ngati pali zifukwa zina zolemera zosalola kumsiya. Kwathu mwana aleredwa ndi agogo ake, azakhali ndi atsibweni, ndipo palibe amene aona chachilendo. Mlembi wa kuno angaone pamenepo umboni wakuti udindo unagawidwa. Chotero mayi amene anasiya mwana kwa agogo asunge malisiti a fizi, makalata a aphunzitsi olembera iye, ndi chilichonse choonetsa kuti zosankha zazikulu, za sukulu, za chipatala ndi za mpingo, ankagamula ndi iye.

Yankho la pempho lochokera kunja lidza kawirikawiri m'masabata 12. Likakhala lokana, si mapeto, popeza ufulu wa moyo wa banja utetezedwa ndi Article 8 ya pangano la Ulaya la ufulu wa anthu, limene Human Rights Act ya 1998 inalilowetsa m'malamulo a dziko lino, ndipo wokanidwa angachite apilo ku First-tier Tribunal, imene ku Birmingham ikhala ku Priory Courts pa Bull Street, pasanathe masiku 28 ngati ali kunja, kapena 14 ngati ali muno. Apilo ichedwa miyezi yambiri, ndipo pamene cholakwa chinali pepala limodzi losowa, nthawi zina kupemphanso kufulumira koposa. Mlangizi woona ndiye angasiyanitse ziwirizi. Chimene sichikonzeka msanga ndi bodza: pepala lopeka, ukwati wobisidwa, mwana wosatchulidwa, zimtsata munthu pa pempho lililonse la m'tsogolo, ndipo wothandiza ukwati wachinyengo angathe kulowa m'ndende.

Tsopano ndilankhule ndi inu amene mwatsika ndege, mayi kapena bambo, mulibe mbale m'mzinda wonse, chifukwa za inu ndizo zikambidwa pang'ono. Viza imene muli nayo ndi yanu, yolembedwa m'dzina lanu. Ndipo popeza makadi a viza otchedwa BRP anatha ntchito pa 31 Disembala 2024, chilolezo chanu chikhala pa intaneti, m'akaunti ya UKVI, imene iyenera kutsegulidwa ndi imelo yanu ndi nambala ya foni yanu, osati ya akunyumba. Muli nawo ufulu wogwira ntchito, wophunzira, wotsegula akaunti yanu ya banki, wolembetsa kwa dokotala wa m'dera (GP) ndi kuchiritsidwa m'zipatala za NHS, popeza msonkho wake unaperekedwa kale. Chimene simuloledwa m'zaka 5 zimenezi ndi thandizo la boma la ndalama ndi nyumba, monga Universal Credit. Koma sukulu ya ana ndi chipatala sizili m'gulu limenelo, ndipo banja likasauka kotheratu lingapemphe Home Office kuti ichotse chiletsocho.

M'nyumba zina za abale athu amveka mawu awa: "Ndinakubweretsa ndine kuno, ndikangoimba foni ku Home Office, mawa uli pa ndege." Mawu amenewa ali ndi kachoonadi kochepa, ndipo kachoonadi kameneko ndiko kawapatsa ululu. Nzoona kuti banja likatha zaka 5 zisanakwane, Home Office iyenera kuuzidwa, ndipo ingathe kufupikitsa viza, kawirikawiri nkusiya masiku 60 oti munthu apeze njira ina, monga ya ntchito, kapena ya kholo la mwana amene ali nzika ya Britain. Koma wogamula ndi boma, osati mwamuna kapena mkazi woitanayo. Ndipo pamene banja latha chifukwa cha nkhanza, lamulo litembenukira kwa wozunzidwa. Nkhanza m'malamulo a dziko lino sikumenya kokha: kumlanda munthu pasipoti, kumlanda malipiro ake, kumtsekereza kuti asaonane ndi anthu, kumuopseza ndi mapepala, zonsezi lamulo lizidziwa, ndipo kuyambira 2015 kulamulira mnzako mwa mantha ndi chikakamizo ndi mlandu woti apolisi angamangire munthu. Wozunzidwa amene ali pa viza ya ukwati angapemphe chilolezo cha miyezi itatu chotchedwa Migrant Victims of Domestic Abuse Concession, chimene chimtsegulira thandizo la ndalama ndi malo othawirako, ndipo m'miyezi imeneyo angapemphe mapepala okhazikika osadikira zaka 5, popanda siginecha ya womzunza, ndi thandizo la loya wolipidwa ndi boma ngati alibe ndalama. Kuyambira pa 31 Januwale 2024, ngakhale amene ananyengedwa kuti apite kumudzi kukaona makolo, nasiyidwa kumeneko wopanda pasipoti, angapemphe ali komweko. Lamulo limeneli silisankha mkazi kapena mwamuna, ndipo abambo amene anadza chikamwini cha kuno asachite manyazi kulitchula.

Umboni wa nkhanza umangidwa pang'onopang'ono: mawu onenedwa kwa GP nalembedwa, lipoti la apolisi, kalata ya bungwe lothandiza. M'dera lino muli Birmingham and Solihull Women's Aid, Black Country Women's Aid, The Haven ku Wolverhampton ndi Coventry Haven. Nambala ya dziko lonse, yaulere usana ndi usiku, ndi 0808 2000 247, ndipo pa ngozi ndi 999. Kwa abusa athu, akulu a mpingo ndi amayi a mvano, amene kuno asenza ntchito ya ankhoswe posowa eni ake, ndipempha mwaulemu kuti pamene mwana wa eni adza kwa inu akulira, musathamangire kumuuza kuti banja ndi kupirira musanamfunse ngati pasipoti yake ili m'manja mwake, ngati malipiro ake awaona, ndi ngati agona mwamtendere. Pakuti iye anasiya atate ake ndi amake kutsidya la nyanja pokhulupirira lonjezo, ndipo alibe wina womuimira koma inu. Wamasiye naye lamulo silimtaya: woitana akamwalira zaka zisanakwane, wotsalayo angapemphe kukhazikika pomwepo.

Posankha mlangizi, dziwani kuti kupereka uphungu wa za viza popanda chilolezo ndi mlandu mwa lamulo la 1999, angakhale woperekayo ndi wa mpingo wanu kapena wa kumudzi kwanu. Mlangizi woona alembedwa m'kaundula wa Immigration Advice Authority, imene kufikira Januwale 2025 inkatchedwa OISC, kapena ali loya wa pansi pa Solicitors Regulation Authority, ndipo makaundula onsewa aliyense angawaone pa intaneti. Osowa ndalama ayambe kwa Refugee and Migrant Centre, imene ili ndi maofesi ku Wolverhampton, Walsall ndi Birmingham, kwa Central England Law Centre ku Coventry ndi Birmingham, kapena kwa Citizens Advice. Fomu iliyonse muiwerenge nokha isanatumizidwe, pakuti dzina la pansi pake ndi lanu.

Lembani tsiku lothera viza pamalo poonekera, ndipo onse awiri mulidziwe. Wopempha tsikulo lisanafike asunga ufulu wake wonse, wa ntchito ndi wa nyumba, kufikira yankho litadza, lingachedwe bwanji. Wochedwa ndi tsiku limodzi ayesedwa wokhala popanda chilolezo. M'zaka zonsezi sungani makalata a boma, a khonsolo, a banki, a magetsi ndi a chipatala, ofika pa adiresi imodzi m'maina onse awiri, chifukwa ndiwo adzachitira umboni kuti munakhaladi pamodzi. Miyezi 60 ikakwana, woitanidwa alemba mayeso a Life in the UK, a mafunso 24, ofuna mayankho olondola 18, napempha mapepala okhazikika. Ndipo amene akunyumba ake ali nzika ya Britain angapemphe unzika atangowalandira, pamene ena adikira miyezi 12. Kale ambiri ankaima pamenepo poopa kutaya pasipoti ya Malawi, koma mu Disembala 2018 Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe inavomereza kuti Mmalawi akhale nzika ya maiko awiri. Kusiyana kwa ziwirizi nkofunika kwa amene alinga kubwerera kumudzi kukamanga nyumba kapena kukadwazika makolo: unzika sutha chifukwa cha kuchoka, koma mapepala okhazikika afa munthu akakhala kunja kwa dziko lino zaka ziwiri zotsatizana, ndipo wofuna kubwerera pambuyo pake ayenera kupemphanso chilolezo, naonetsa kuti maziko a moyo wake akadali kuno.